Nkhuku Yanga Inatsala pa Calais

Ulendowu sindinaufune, ndipo amene akufalitsa kutchalitchi kuti aNabanda anapita ku France kukaona phanga asiye bodza. Phangalo sindinalowemo. Ndinapita kukapereka mdzukulu wanga Tadala kwa anthu oti ndingathe kuwaloza chala zinthu zikadzavuta.

Tadala anabadwira konkuno ku Leicester. Ndinamulera ndine ku Evington, mayi ake, mwana wanga Esnart, akugwira mashifiti kuchipatala. Tadala anapita ku France ndi sukulu nkubwerako ndi chithunzi cha mnyamata m'foni, dzina lake Mathieu, ine ndimati Mateyu. Nditafunsa ntchito yake, anati amaonetsa alendo phanga. Munthu wamkulu wandevu zake, m'mawa kulowa kudzenje ndi tochi, madzulo kutuluka. Akuti m'phangamo muli zithunzi za nyama zimene anajambula anthu akalekale, ndipo kamudzi konseko kamadyera pomwepo. Ndinati chabwino, abwere ndi akwawo adzatione. Yankho linabwera loti nyengo yotentha kuphanga kumadzaza alendo, komanso agogo ake amene anamulera sachoka pakhomo chifukwa ndi okalamba. Ndiye ine ndine kamtsikana? Zinayamba liti zoti akuchikazi azinyamuka okha kukadzipereka kuchimuna?

Ndinavomera chifukwa cha Esnart. Iyeyu ukwati wake anakamangira ku ofesi, mboni anzake a kuntchito, popanda nkhoswe, popanda nkhuku. Tsiku limene mwamunayo ananyamula masutikesi kupita ku Normanton kwa mkazi wina, ndinakhala pampando foni ili m'manja, kusowa womuimbira. Panalibe amene analandirapo kanthu kuchokera kwa ife, choncho panalibenso woyankha. Ndinalumbira kuti za Tadala sizidzatero. Kwathu ku Dedza akuchimuna amapereka tambala, ife timapereka nkhuku yaikazi, ndipo amene wailandirayo ndi amene umakamugogodera pakhomo mwana wako akamalira.

Malume ake a Tadala ali kumudzi, chitupa chawo cha ulendo sichinatuluke. Tinapempha bambo Chikuse a ku Corby, akulu a mpingo kwathu, oyendetsa malole kuweyahausi, kosungira katundu kuja, kuti atiimire unkhoswe. Ali ndi galimoto yaikulu ya mipando yambiri, ndiye anati atitenga okha.

Esnart anandichenjeza akuvala nsapato za kuntchito. "Amayi, nyama sawolotsa malire. Ngakhale soseji. Mwamva?"

"Ndamva."

Atangotuluka ndinapita kubutchala kwa aYusufu, amwenye a ku Limbe aja.

"Agogo, lero thadzi lathunthu? Kuli phwando osatiitana?"

"Ingondipatsani. Mutu ndi miyendo musadule. Mafunso ngati apolisi bwanji?"

Yamoyo ndikanaipeza kuti mu Leicester muno? Ndinati Mulungu akudziwa kumene tili. Ndinaiwamba mu uvuni mpaka inauma bwino, ndinatsegula mawindo onse kuti fungo lichoke, nkuikulunga m'pepala, pepalalo m'thawulo, thawulolo m'chitenje, zonsezo pansi pa chikwama changa, Baibulo pamwamba. Sindinauze munthu. Ukauza mmodzi m'nyumba muno, pofika Lamlungu kwayala yonse ikudziwa.

A Chikuse anati afika mbandakucha. Anafika dzuwa litakwera, akuti kiyi anasochera. Jekete lawo la unkhoswe analipachika bwinobwino kumbuyo, pafupi ndi mpando wanga. Esnart anakhala kutsogolo, Tadala pakati ndi timawaya take m'makutu, ine kumbuyo kwenikweni, kumene ndimaona aliyense koma wina osandiona.

Tisanafike ndi ku Northampton komwe, a Chikuse anayamba kununkhiza.

"Koma muno mukununkhira bwino. Wanyamula kamba ndani?"

"Yang'anani msewu, bambo. Malolewo sakuwaonani."

Tadala anatembenuka, kundiyang'ana, kuyang'ana chikwama, nkubwezera kawaya kake m'khutu. Ndinaona. Ine ndimaona zonse.

Mozungulira London tinayenda ngati tikuperekeza maliro. Pa mlatho wa Dartford a Chikuse anayamba nyimbo ya m'buku, ndinawaletsa, chifukwa munthu akamaimba chiwongolero chili m'manja ndiye kuti tulo tayandikira. Pofika ku Dover sitima yathu inali itapita. Anatiika pamzere wa galimoto wosaoneka kothera, dzuwa likuswa mtengo. Tinakhala. Tinakhalabe. Ana a m'galimoto ya kutsogolo anatuluka nkumasewera mpira pakati pa misewu. Mzungu wina anavula malaya, mimba psuu, nkukhala pabonati kumadya masangweji. Ine chikwama pamiyendo, zipi yotseka, thukuta lili kamukamu, kuopa kutsegula ngakhale kuti nditenge mpango.

Pa zitupa anayang'ana za atatuwo mwachangu, koma changa cha ku Malawi anachitembenuza uku ndi uku, kundiyang'ana ine, kuyang'ana chithunzi, kundiyang'ananso. Inenso ndinamuyang'anitsitsa mpaka anadinda.

M'sitima anati tisiye katundu m'galimoto. Ndinakana. Ndinakwera nacho chikwama masitepe onse aja mawondo akulira, nkukakhala pafupi ndi bokosi la majekete opulumukira pamadzi. Mayi wina wachizungu, womwetulira kwambiri, anati ndikafuna kupita kuchimbudzi andiyang'anira chikwama. Ndinamuthokoza nkusintha mpando. Munthu wosakudziwa akamamwetulira chotero pali chimene waona.

Tsono pa Calais. Galimoto zonse zinkangodutsa, koma yathu yokha anaikodola kuti ipatuke. Anabwera awiri a yunifomu, mwamuna ndi mkazi. Mkaziyo anasuzumira pawindo nkulankhula Chifalansa. Mwa ife tonse amene amachimva ndi Tadala. Anachotsa timawaya take. Kenako analankhula motsitsa mawu, ndipo maso ake anabwera pa chikwama changa.

Chifalansa sindichidziwa, koma munthu akakupereka umamva ndi m'mimba.

Ananditsitsa. Anaika chikwama patebulo poyera, anthu akudutsa. Anatulutsa Baibulo, anamasula chitenje, thawulo, pepala. Thadzi langa linagona pamenepo, miyendo m'mwamba, lofiirira bwino lomwe. Mwamunayo anaseka pang'ono nkubisa ndi dzanja.

"Amayi!" Esnart anagwira kumutu. "Ndinakuuzani chiyani ine?"

"Ndiye chinali chimenechi," a Chikuse anatero, akumeza malovu.

Ndinati Tadala awauze kuti si ndiwo, ndi ya mwambo. Anawauza kapena ayi, akudziwa yekha. Mkaziyo anavala magolovesi, ananyamula nkhuku yanga ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, nkuiponya m'bini yachikasu. Chitenje anandibwezera atachipinda bwino. Ulemu umenewo ndi umene unandipweteka koposa.

Kuchokera pamenepo Tadala sindinamulankhule. Zonse zinkadzera kwa mayi ake.

"Esnart, umuuze mwana wako atseke windo."

"Amayi, akukumvani."

"Umuuze."

Misewu ya kumeneko amayenda mbali yolakwika. Pa raundabauti iliyonse ndinkakuwa, a Chikuse nkumati, "Agogo, mundiphetsa ndinu." Pa zipata zolipirira msewu makina ali kumbali ya Esnart, ndipo iye ndi wamfupi, ankachita kutuluka theka la thupi pawindo, a kumbuyo akuliza mahutala. Ku Rouen tinazungulira tchalitchi chimodzimodzi mpaka ndinachiloweza, kamayi kolozera njira ka m'foni kakungolamula, a Chikuse akukamvera kuposa mmene amamverera akazi awo. Minda ya tirigu, minda ya mpendadzuwa, ena ankati taonani kukongola. Ine ndinkangoona bini yachikasu.

Tinagona kufupi ndi Orléans, m'nyumba ya alendo yopanda munthu wolandira alendo. Makina pakhomo ndi amene amakupatsa chipinda. Nyumba yoti mwini wake sakufuna kuonetsa nkhope. Ndinatsamiritsa mpando kuchitseko.

Kutacha, titapitirira Châteauroux, galimoto inayamba kutulutsa nthunzi kutsogolo. A Chikuse anati anaionetsa kwa makaniko tisananyamuke. Ndinawafunsa dzina la makanikoyo, anayamba kutsokomola. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka m'katauni kena kumene kunali galaja. Tinapeza mwini wake akutseka chitseko. Analoza dzuwa, analoza pakamwa, nkukwera njinga. Kumeneko nthawi ya chakudya ngakhale ukufa, umayamba wadikira adye.

Tinakhala pakakhoma pamthunzi. Tauni yonse zii, ngakhale galu. Ndi pamenepo pamene Tadala anabwera kudzaima patsogolo panga. Iyeyu amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi. Anati akanapanda kunena, akanatipeza nayo, ndipo dzina lake likanalembedwa kuti ndi wabodza m'dziko limene akufuna kukakhalamo.

"Esnart, umuuze mwana wako kuti akanangokhala chete."

Apo Tadala anasiya Chingerezi. Anachita kufufuza mawu limodzilimodzi.

"Agogo. Ine si nkhuku. Simungasinthe ine ndi tambala."

Ndinatembenukira kwa Esnart kuti amudzudzule. Esnart ankayang'ana nsapato zake. Kenako anati, osakweza mutu, "Tada, bambo ako atachoka, agogo akowa anasowa pokafunsa. Ine ndinkati ndi zachikale. Ndinalira ndekha m'bafa, kenako ndinapita ku shifiti." Anaimirira nkupita kukathandiza a Chikuse kuyang'ana injini imene onse awiri sakuidziwa.

Tinatsala awiri, wina kuyang'ana kumpoto, wina kummwera. Ndiye ndinamva. Kuseri kwa mpanda wa maluwa, kumunsi kwa msewu, nkhuku inali kutetera.

Ndinanyamuka ndi ndodo yanga. Pageti panali nkhalamba yaimuna ya chipewa, ikuthirira tomato. Ndinaloza nkhuku, ndinadziloza pamtima, ndinatulutsa kachikwama ka ndalama. Anandiyang'ana kwa nthawi, analowa m'khola, nkutuluka ndi thadzi lotopa, miyendo yamamba, khosi lopanda nthenga. Amaona ngati munthu wakuda wa ndodo sadziwa nkhuku. Ndinaligwira pachifuwa, fupa lokhalokha. Ndinamubwezera nkuloza msoti wofiira umene unkapalasa pafupi ndi mgolo. Anapukusa mutu. Ndinalozanso. Anayamba kulankhula zambirimbiri, manja m'mwamba.

"Akuti umenewo wangotsala pang'ono kuyamba kuikira," mawu anatero kumbuyo kwanga. Anali Tadala.

"Nchifukwa chake ndikuufuna."

Analankhulana nthawi yaitali. Ndinamva dzina la Mateyu, ndinamva dzina la kamudzi kaja, limene lilime langa limakana mpaka lero. Nkhalambayo inavula chipewa, kukanda m'mutu, nkuseka mpaka kutsokomola. Inathamangitsa msotiwo nkuugwira.

"Akufunsa ngati mukufuna akuphereni."

"Umuuze kuti akangoukhudza ndi mpeni aona chimene sanachione."

Ndinazindikira pambuyo pake kuti ndamulankhula Tadala mwachindunji. Sindinabweze mawu. Anapempha katoni, anaiboola yekha mabowo ndi kiyi, koma kunyamula ndinanyamula ndekha. Wopereka munthu kamodzi sumusungitsa katundu tsiku lomwelo.

Galimoto inakonzedwa dzuwa litapendeka. Limoges tinangoidutsa. Kenako misewu inayamba kuchepa ndi kukhotakhota m'nkhalango, msoti ukulira pa kona iliyonse. Kutentha kutakula ndinautulutsa m'katoni kuti upume. Unandipulumuka, unauluka, nkukatera pa jekete la a Chikuse. Chimene unasiya paphewa pake sindichitchula. A Chikuse anaimitsa galimoto, anayang'ana jeketelo, nkunena kuti zaka zonse akhala akuimira maukwati sanaonepo zoterezi. Ndinati akanafika mbandakucha monga analonjezera, sitima sikanatisiya, ndipo mwina pa Calais tikanapeza anthu ena.

Kamudziko nkakang'ono kuposa msika wa Leicester. Nyumba zamiyala, tchalitchi, mtsinje, basi. Koma mabasi a alendo ndi aakulu kuposa nyumbazo. Paliponse zithunzi za njovu zaubweya ndi mahatchi amimba: pa makapu, pa malaya, ngakhale pa buledi. Mateyu tinamupeza pakhomo la phanga, kumtunda kwa mudzi, atavala juzi dzuwa lonselo. Anathamanga manja ali tambasu kuti andipsompsone m'masaya monga amachitira kwawo. Ndinaika katoni pakati pathu.

Kudzera mwa Tadala anati agogo ake salandira alendo mpaka madzulo, ndiye watisungira malo m'gulu lomaliza kuti tione phanga. Ulendo wonsewo, nkhalamba inzanga ikundiuza nthawi yobwera pakhomo pake! Ndipo nkhuku, anati, singalowe, chifukwa ngakhale mpweya wa anthu amachita kuuyeza kuti zithunzi zisawonongeke. Mtsikana wogulitsa matikiti anati andisungira. Ndinamuyang'ana mpaka anakhala pansi.

"Lowani nokha. Zithunzi za pamwala ndinaziona kumapiri a kwathu ndili mtsikana, wopanda tikiti."

Analowa onse, chitseko chachitsulo nkutsekedwa. Ndinakhala pabenchi, msoti pamiyendo, kamphepo kozizira kakutuluka pansi pa chitsekocho nkumandinyambita akakolo. Alendo ena anayamba kundijambula ngati nanenso ndine wa m'phangamo. Ndinawaopseza ndi ndodo.

Kumapeto kwa benchilo kunali gogo wina wachizungu, wamfupi, wa diresi lakuda ndi nsapato zamatope. Sankajambula, sankamwetulira. Ankangondiyang'ana ndi diso la m'mbali, kuyambira kumpango mpaka kunsapato. Ndinasendeza chikwama. Anasendera pafupi. Mwadzidzidzi anatambasula manja nkundilanda msoti.

Ndinakuwa Chichewa chimene sindingachilembe pano. Ndinagwira miyendo, iye anagwira mapiko. Koma sankathawa nawo. Anautambasula phiko, anauzira nthenga za kukhwapa kufuna utitiri, anautsegula kukamwa, anapima ndi zala kumunsi kuona ngati wayandikira kuikira. Zonse zimene ndinachita ine kwa nkhalamba ya tomato ija. Atamaliza anatulutsa kamawu kapamphuno, kosonyeza kuti waupeza bwino koma sakufuna kuvomera. Miyendo sindinaisiye, iyenso mapiko sanawasiye. Tinakhala choncho, nkhuku pakati, mpaka chitseko chinatseguka.

Mateyu atationa anaima chilili, tochi ikuyakabe. Tadala anagwira pakamwa.

"Agogo, awa ndi agogo ake a Mateyu. AOdile."

Zoti salandira alendo linali bodza. Anabwera kudzatizonda kaye tisanaponde pakhomo pawo, kuti aone mtundu wa anthu amene mdzukulu wawo wawatola ku England. Ndinakwiya kwambiri, makamaka chifukwa ndi zimene ndikanachita ine.

Mwambo tinachitira pabwalo la nyumba yawo, pakati pa khola ndi nkhuni. A Chikuse anavala jekete lawo, mpango wa Esnart utaphimba phewa, nalankhula bwino ndithu, ndisawanamizire. Tadala ankamasulira. Atafika pa tambala, aOdile analowa m'khola osafunsa kawiri, nkutuluka ndi tambala wakuda wa mchira wobiriwira, wolemera ngati mwana. Ndinamupima pachifuwa pamaso pawo. Sanakhumudwe.

Ndisanapereke msoti ndinati, "Tadala, uwafunse. Mnyamatayu akadzakuzunza, ndidzagogoda pakhomo pa yani? Umasulire mmene ndanenera, usakometse."

Anamasulira, nkhope ili pansi. AOdile anamenya ndodo yawo pamwala wa pakhomo, anadziloza pamtima, nkulankhula mawu ochepa. Mateyu anafiira mpaka m'makutu.

"Akuti pomwe pano. Koma akuti mudzapeza atathana naye kale." Tadala anamvetseranso. "Akufunsanso kuti, nanga wovuta akadzakhala ine, iwo adzaimbira ndani?"

"Uwapatse nambala yanga. Yanga, osati ya mayi ako."

Ndinapereka msoti ndi manja awiri. Analandira ndi manja awiri, ndipo sanauike m'khola limodzi ndi zinzake. Anautsekera pawokha, kuti ayambe aona ngati wabwera ndi matenda. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chichokere ku Evington. Tadala akupita kwa munthu wamaso.

Kenako Esnart anati, "Amayi, tambalayu mukudziwa kuti sawoloka?"

Ndinali nditaiwala. Malire omwe aja, kubwerera. Tambala wanga, woyamba kulandira m'banja lathu chichokere ku Dedza, anayenera kutsala m'khola la eni ake omwe anandipatsa. AOdile anati andisungira. Ndinang'amba kansalu ku chitenje chija nkumumanga kumwendo onse akuona, anaomba m'manja. M'mawa mwake, ena akukweza katundu, ndinalowa m'khola ndi kodulira zikhadabo nkumudula chikhadabo chimodzi cha phazi lamanzere, mmene tinkachitira kwathu. Kansalu aliyense angathe kumasula nkumanga pa tambala wina.

Tadala anatsala komweko. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amaimba foni ya kanema, ndipo tisanalonjerane ndimati apite kukhola. Amang'ung'udza, koma amapita, aOdile akumutsatira ndi ndodo. Ndimati andionetse mapazi. Mpaka lero sakudziwa chifukwa chake, amaona ngati ndi ukalamba.

Sabata yathayi anati netiweki ikuvuta kukhola, anangondionetsa mutu wa tambala patali nkudula. Ndawaimbira kale a Chikuse kuti akaonetse galimoto kwa makaniko, ndipo ulendo uno dzina la makanikoyo ndalifunsiratu.